Nyanja yokhala ndi mwini: za Mbenji, Malombe ndi Chiuta

Chaka chilichonse mu Disembala, mvula ikayamba, asodzi a pa chilumba cha Mbenji amapasula misasa yawo, kulongedza makoka m'maboti ndi kuwolokera kumtunda. Pachilumbapo sipatsala munthu mpaka mu Epulo. Sikuti amathamangitsidwa ndi apolisi kapena boti la boma. Amachoka chifukwa mfumu yaikulu Makanjira ya ku Salima, osati ya ku Mangochi ija, yanena kuti nyanja yatsekedwa. Mwambowu unayamba m'zaka za m'ma 1950, dziko lino likadali Nyasaland, ndipo mpaka lero sunathe.

Nkhani imeneyi imandibwerera m'mutu ndikamva anthu akunena kuti ife Amalawi sitingasamale chinthu cha gulu. Mawuwa amanenedwa paliponse, pamaliro, m'minibasi, pa Facebook, ndipo onenawo sasowa umboni. Mjigo wa m'mudzi wathyoka, ndalama za komiti zasowa. Kopaletivi ya alimi yagwa bungwe lothandiza litangochoka. Phiri limene linali ndi mitengo tili ana lero ndi miyala yokhayokha. Zonsezi ndi zoona, sindikukana. Koma ngati vuto lili m'magazi mwathu, bwanji anthu omwewa, osauka chimodzimodzi, akhala akusiya malo a nsomba zambiri kwa miyezi inayi chaka ndi chaka, kwa zaka pafupifupi 70, m'miyezi yeniyeni ya njala?

Mbenji ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 10 kuchokera ku gombe la Chikombe. Nsomba yake yotchuka ndi utaka, umene umakonda kusonkhana pa miyala ya pansi pa madzi yozungulira chilumbacho, ndipo asodzi amaugwira ndi khoka lotchedwa chilimira. Akuluakulu a kumeneko amati malamulo anakhwima pamene asodzi ochokera ku Likoma anabwera kudzapempha malo kwa mfumu. Mfumu inavomera, koma inaika malire. Pachilumbapo pali manda a makolo, choncho si malo ochitirapo zilizonse. Mowa saloledwa, chamba ndi juga ayi, ndewu ayi, ndipo akazi saloledwa kupondapo. Kenaka panabwera malamulo a zida: makoka a maso ang'onoang'ono, masikito, ndi kuwedza usiku ndi nyali, kauni uja, zonsezi n'zoletsedwa m'madzi a Mbenji. Wophwanya lamulo amalipira chindapusa, amalandidwa khoka, kapena amathamangitsidwa pachilumba. Kwa msodzi, chilango chomalizachi ndiye chowawa, chifukwa anzake atsala akukokera utaka m'maboti iye akuyang'anira kumtunda.

Chimene chimandisangalatsa ndi chifukwa chimene nyanja inayambira kutsekedwa. Poyamba nkhani sinali ya kuswana kwa nsomba monga amanenera alangizi a zausodzi. Nyengo ya mvula pachilumba pamaomba ziphaliwali, nyanja imakalipa, anthu amafa. Komanso ndi nthawi yolima, ndipo mfumu sinafune kuti amuna atayirire minda chifukwa cha ndalama ya nsomba. Ndiye lamulo linali loteteza anthu ndi nkhokwe zawo. Nsomba zinapezerapo mpata wopuma ndi kuswana, ndipo anthu ataona kuti mu Epulo makoka akudzaza, lamulo linadzipezera lokha alonda. Akatswiri a ku yunivesite ya Mzuzu ndi anzawo a ku Strathclyde ku Scotland atayerekeza nsomba za ku Mbenji ndi za m'madzi oyandikana nawo amene akuyang'aniridwa ndi boma, anapeza kuti utaka wa ku Mbenji ndi waukulu. Amayi ogula nsomba pa Chikombe sanafunikire sikelo ya ku yunivesite kuti adziwe zimenezo.

Kutseka ndi kutsegula kumene kumachitika ndi mwambo, poyera. Anthu amasonkhana, mafumu, asodzi, ogula nsomba, a nthambi ya zausodzi, nsembe imathiridwa kwa makolo, malamulo amanenedwanso aliyense akumva. Wina angati zimenezo ndi zokometsera chabe. Ine ndimaona kuti pamwambo pomwepo ndi pamene pagona mphamvu ya lamulolo. Msodzi amene waima pagulupo akudziwa kuti mnzake wamvanso, ndipo mnzakeyo akudziwa kuti iye wamva. Mawa palibe anganene kuti sanauzidwe.

Kuti timvetse kulemera kwa zimenezi, tiganize monga msodzi wa pa doko lina lililonse la Nyanja ya Malawi. Iye akudziwa bwino lomwe kuti kasawala ndi chambo cha mawa, ndipo bonya ndi usipa umene sunakule. Sakufunika semina kuti amuuze. Koma akamusiya kasawalayo m'madzi, ndani amutsimikizire kuti adzamupeza atakula? Khoka la mnzake likubwera pambuyo pake usiku womwewo. Ndiye amagwira, mnzakenso amagwira, onse akudziwa kuti akupha nyanja. Katswiri wina wa ku America, Garrett Hardin, analemba za vuto limeneli mu 1968, ndipo anati chinthu cha aliyense mapeto ake n'kutha basi, pokhapokha boma lichigwire mwamphamvu kapena chigawidwe kwa eni ake payekhapayekha. Maganizo amenewa anazika mizu m'maofesi ambiri a chitukuko. Kwathu kuno tinali nawo kale m'mawu atatu okha: "ndi za boma". Munthu akanena choncho ndiye kuti chinthucho chilibe wochilirira, tenga.

Boma linayesa njira yakeyo. Atsamunda anatumiza akatswiri kudzafufuza nsomba za m'nyanjayi mu 1939, kenaka Rosemary Lowe anachita kafukufuku wa chambo pakati pa 1945 ndi 1947, ndipo mu 1949 kunabwera lamulo la zausodzi lopereka mphamvu kwa boma. Titalandira ufulu tinapitiriza njira yomweyo: malayisensi, kukula kwa maso a ukonde, nyengo yotseka ya Novembala ndi Disembala yoteteza chambo. Malamulowa papepala alibe cholakwa. Koma nyanja ndi yotalika makilomita oposa 500, madoko ndi mazanamazana, ndipo ofesi ya zausodzi ya m'boma nthawi zambiri imakhala ndi boti limodzi lopanda mafuta. Lamulo la Zomba kapena Lilongwe linafika pagombe ngati mlendo, ndipo msodzi analiona ngati chinthu chozemba, osati chosunga.

Kumene izi zinaonekera poyera ndi ku Malombe. Nyanja ya Malombe ndi yosaya, mtsinje wa Shire umadutsa momwemo ukatuluka m'Nyanja ya Malawi, ndipo kale inali nkhokwe ya chambo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 asodzi ankagwira chambo choposa matani 8,000 pa chaka. Patapita zaka khumi zokha sichinkafika ngakhale matani 1,000. Chinachitika n'chiyani? Makoka a kambuzi ndi nkacha anachuluka. Nkacha ndi khoka la maso ang'onoang'ono limene amaponya pakati pa nyanja, mnyamata n'kumira pansi kukamanga zingwe zake kuti nsomba zisathawire kunsi. Likamakokedwa limakwekwereza pansi, kuzula udzu wa m'madzi ndi kusalaza zisa zimene chambo chachimuna chimakumba mumchenga. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi tiana mkamwa, ndiye ukagwira mayi mmodzi wapha banja lonse.

Mu 1993 boma, mothandizidwa ndi mabungwe a kunja monga GTZ ya ku Germany, linayambitsa ndondomeko yoti asodzi azitenga nawo mbali poyang'anira Malombe ndi chigawo cha kumtunda cha Shire. M'midzi ya m'mbali mwa nyanja munakhazikitsidwa makomiti a pagombe, ma BVC. Anagwirizana zokulitsa maso a nkacha kufika mamilimita 19 ndi kusunga nyengo yotseka. Mu 1997 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo latsopano la zausodzi limene linapereka danga loti anthu a m'midzi aziyang'anira nawo nsomba. Aliyense anaombera m'manja. Chambo sichinabwerere.

Zifukwa zake ndi zimene ndimaziona zikubwerezedwa m'mapulojekiti ambiri mpaka lero. Makomitiwo anabadwira ku ofesi, osati pagombe. Ambiri mwa mamembala sanali asodzi, ndipo alovi, anyamata amene amapalasa ndi kukoka khoka usiku wonse, sanawerengedwe kwenikweni, chonsecho iwo ndiwo amadziwa khoka limene lalowa m'madzi ndi malo amene laponyedwa. Maphunziro ankabwera ndi alawansi, ndiye kukhala m'komiti kunasanduka ganyu, ndipo alawansi itauma chidwi chinaumanso. Ndiye panali nkhani ya mafumu. Mwa chikhalidwe cha kunyanja, msodzi wachilendo akafuna kuwedza pa doko amaonekera kwa nyakwawa ndipo amapereka mawe, nsomba ya mfumu. Komiti itabwera, mafumu ena anaona ngati yadzawalanda mpando ndi ndiwo zomwe, ena anangoimeza komitiyo n'kuikamo abale awo. Msodzi wamba anatsala pakati, osadziwa kuti lamulo ndi la yani.

Wina atamva zimenezi angafulumire kunena kuti yankho ndi mafumu: Mbenji wayenda bwino chifukwa kuli mfumu, Malombe wagwa chifukwa kuli komiti. Nkhani ya nyanja ya Chiuta imakana zimenezo.

Nyanja ya Chiuta ili ku Machinga, m'malire ndi Mozambique, ndipo asodzi ake ankagwiritsa ntchito matchera, miono ndi mbedza. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1990 kunafika asodzi a nkacha ochokera ku Malombe ndi kwina, kumene nsomba zinali zitachepa. Makoka awo ankavundula madzi amene anthu amamwa, ankakokolola matchera a eni dera, ndipo pogwira nsomba zambiri nthawi imodzi ankagwetsa mitengo pa doko. Anthu atakadandaula kwa mafumu sizinaphule kanthu, chifukwa mafumu ena ankalandira nsomba ndi ndalama kwa alendowo. Ndiye asodzi eni ake anadzisonkhanitsa, anapanga makomiti awo atamva za ma BVC a ku Malombe, anapempha nthambi ya zausodzi kuti iwaimire kumbuyo, ndipo mu 1995 anathamangitsa eni nkacha. Dzina la komiti ndi lomwelo, BVC, koma kuno palibe anaidikirira alawansi. Anthu ankalondera nyanja chifukwa nsomba zimene zinkatha zinali zawo, ndipo ankadziwa amene akuzimaliza.

Tikaika malo atatuwa pamodzi, ine ndimaona kuti funso si lakuti mfumu kapena komiti. Funso ndi lakuti lamulo analipanga ndani, ndipo likaphwanyidwa amamva kuwawa ndani. Ku Mbenji ndi ku Chiuta wopanga lamulo, wolondera ndi wovutika likaphwanyidwa ndi anthu amodzimodzi, kapena amakhala moyandikana kotero kuti sangathawane. Ku Malombe anali anthu atatu osiyana: wolemba ali ku ofesi, wolondera akudikira alawansi, wovutika ali m'bwato ndipo sanafunsidwe.

Palinso nkhani ya malire. Mbenji ndi chilumba. Boti likafika limaoneka, munthu akagona pamenepo amadziwika, ndipo nyali ikayaka usiku m'madzi oletsedwa aliyense amaiona. Mbenji saletsa alendo, asodzi amabwera kuchokera madera akutali, koma wobwera amadziwa khomo lolowera ndi malamulo a pakhomopo. Chinthu cha gulu chimasungika pamene gululo likudziwika kuti ndi ndani. Chikakhala cha aliyense wodutsa, pamenepo Hardin amanena zoona. Mayi wina wa ku America, Elinor Ostrom, anathera moyo wake akusonyeza kusiyana kumeneku, ndipo mu 2009 anakhala mkazi woyamba kulandira mphoto ya Nobel pa zachuma. Anasonkhanitsa nkhani za midzi yosunga zinthu zake kwa zaka mazana: mudzi wa Törbel ku Switzerland, umene mu 1517 unalamula kuti munthu asatumize ku busa la gulu ng'ombe zoposa zimene angathe kudyetsa m'khola nyengo yozizira, ndi alimi a mthirira a ku Valencia ku Spain, amene bwalo lawo loweruza milandu ya madzi limakumana Lachinayi lililonse pakhomo la tchalitchi. Zimene anapezazo mfumu ya ku Chikombe ikanazimva ikanangogwedeza mutu: malire odziwika, malamulo opangidwa ndi ogwiritsa ntchito, alonda ochokera pakati pawo, chilango choyamba pang'ono n'kumakula, ndi bwalo lapafupi losafuna ndalama ya basi.

Ndipo musaganize kuti ndi za kunyanja zokha. Yendani pa msewu wa Lilongwe kupita ku Kasungu kapena ku Dedza, muyang'ane kumene kwatsala mitengo yachilengedwe. Minda ndi yoyera mbee, koma apa ndi apo pali kankhalango kowirira. Amenewo ndi manda. M'midzi yomweyo imene nkhalango ya boma inatha ndi makala, palibe amene amalowa kumanda ndi nkhwangwa popanda chilolezo cha mfumu. Adzukulu nawo salembedwa ntchito ndi munthu, koma maliro akagwa manda amakumbidwa, chifukwa wojomba amadziwa kuti tsiku lake likadzafika khasu lidzalemera. Banki m'khonde imayenda pa mfundo yomweyo: bokosi la maloko atatu, makiyi kwa anthu atatu osiyana, ndalama kuwerengedwa onse akuona. Kumene magulu amenewa amagwa, kawirikawiri mukafufuza mupeza kuti gulu linakula mpaka anthu osadziwana, kapena ndalama zinayamba kuyenda mseri.

Tsopano pali mbali ina ya Mbenji imene anthu oyamikira amakonda kuidumpha, ndipo ine sindikufuna kuidumpha. Akazi saloledwa pachilumba. Oikira kumbuyo lamuloli amati ndi mwambo wa mizimu, amatinso limachepetsa ndewu ndi khalidwe logonana posinthana ndi nsomba limene lafalitsa matenda m'madoko ambiri. Vuto limenelo liliko ndithu, palibe angatsutse. Koma taonani amene akulipira mtengo wake. Pa nyanja yonseyi ntchito yogula, kuyanika pa thandala, kuwamba ndi kugulitsa nsomba ambiri oigwira ndi amayi. Mwamuna wogula nsomba akhoza kukwera boti, kukagula pachilumba pomwepo khoka likungotuluka kumene, pa mtengo woyamba. Mayi ayenera kudikira kumtunda, kapena kutuma mwamuna amene adyepo yake. Khalidwe loipa ndi la anthu awiri, koma wotsekeredwa kunja ndi mmodzi. Ndikanakonda kumva amayi a pa Chikombe akulankhula okha pa nkhaniyi pa bwalo lomwe lija lotsegulira nyanja, osati kuwalankhulira ife a m'tauni, kapena bungwe lobwera ndi galimoto. Malamulo a Mbenji asinthapo kale. Za nyali ndi masikito sizinalipo m'zaka za m'ma 1950, zinaonjezedwa vuto litaoneka, ndipo m'zaka za m'ma 1990 kunakhazikitsidwa komiti yothandiza mfumu kulondera. Ndiye kusintha si chachilendo kumeneko. Chimene ndikuopa ndi kusintha kokakamizidwa kuchokera kunja, chifukwa tsiku limene asodzi adzaone kuti malamulo a pachilumba akulembedwa ku Lilongwe, adzayamba kuwazemba onse, abwino omwe.

Chinanso n'chakuti dongosolo lodalira mfumu limayenda bwino mfumuyo ikakhala yoongoka. A Makanjira otsatizana asunga mwambowu, ndipo ayenera ulemu. Koma Chiuta wationetsa zimene zimachitika nyakwawa ikakonda mawe kuposa anthu ake. Kukopera Mbenji n'kukamuika pa doko lina, monga ena amalankhulira m'misonkhano, sikungatheke mwa kungouza mfumu ya kumeneko kuti iyambe kutseka nyanja. Kulibe manda a makolo pachilumba, kulibe zaka 70 za anthu kuona ndi maso kuti kudikira kumalipira, ndipo mwina gombe lake ndi lotseguka mbali zonse. Chimene chingatengedwe ndi kachitidwe kake: anthu a pamalopo apange lamulo limene angathe kulilondera okha, ngakhale likhale laling'ono, monga kutseka kagawo kamodzi ka madzi kumene nsomba zimaswanira, ndipo aone phindu lake asanaonjeze lina.

Nanga boma lichoke? Ayi, ndipo apa ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga amene amaganiza kuti mudzi ungathe zonse. Komiti ya Mbenji ikhoza kulanda khoka la msodzi wa bwato, koma ma trawler, maboti akuluakulu a injini okoka khoka pansi pa nyanja, akalowa usiku m'madzi otsekedwa, anthu a boti laling'ono angawachite chiyani? Eni ake sakhala m'mudzimo, sabwera ku mwambo, saopa kuthamangitsidwa pachilumba chimene sagonapo. Msodzi amene wakhala kumunda miyezi inayi akuona nyali za trawler zikukolola zimene iye wasunga, chaka chamawa adzavuta kumuuza kuti adikire. Ku Chiuta nakonso, eni nkacha atachotsedwa mbali ya Malawi, ena anangowolokera mbali ya Mozambique ya nyanja yomweyo kumene lamulolo silinkagwira ntchito, ndipo mikangano inapitirira kwa zaka. Komiti ya m'mudzi singakambirane ndi dziko lina.

Ntchito ya boma ili pamenepo. Layisensi ya trawler imaperekedwa ndi nthambi ya zausodzi, ndipo nthambi yomweyo ikhoza kuilanda kwa wolowa m'madzi a Mbenji nthawi yotseka. Makhonsolo a maboma akhoza kuvomereza malamulo a pagombe kuti komiti ikalanda khoka loletsedwa, mwini khokayo asathamangire kupolisi kukasumira alondawo ngati akuba. Zokambirana ndi Mozambique pa Chiuta ndi Chilwa ndi za maboma awiri. Ndipo ndalama zimene zimathera m'maholo a ku Salima ndi Mangochi pophunzitsa asodzi kuti kasawala ndi mwana wa chambo zikanagula mafuta a boti lolondera kuyambira Disembala mpaka Malichi.